PHUNZIRO 14: AMAYI, CHIKHODZODZO NDI ULENDO WAUTALI

TIWERENGE PAMODZI

Madzi ndi moyo.
Thupi lifuna madzi monga munda ufuna mvula.
Chikhodzodzo ndi thumba la mkodzo.
Mayi amwe madzi pa ulendo.
Galimoto iime, mayi atsike.
Manyazi sachiza matenda.

Mawu athu a lero: chi-kho-dzo-dzo.
dza dze dzi dzo dzu
madzi, mudzi, dzuwa, dzanja, mkodzo, likodzo

NKHANI IYI IKUTIKHUDZA BWANJI?

Abale ndi alongo a m'koperativa, m'maphunziro apitawa tinakamba za mbewu, za manyowa ndi za nkhokwe. Lero tikamba za thupi la mayi amene amalima mbewuzo.

Ife a boma la Chifunde timakhala kutali ndi mzinda. Kuchokera ku malire a Cassacatiza kukafika ku Tete pali makilomita oposa 250. Wa ku Mualadzi kapena ku Nsadzu amayamba wayenda msewu wafumbi asanafike pa msewu waukulu. Timakwera chapa, lole, njinga yamoto kapena ngolo. Timapita kukagulitsa chimanga, mtedza ndi soya. Timapita kukalandira ndalama za fodya, kukaona odwala, kumaliro ndi kumisonkhano.

Pa maulendo amenewa pali vuto limodzi limene amayi satchula. Bambo akapanikizika, amatsika n'kuima kuseri kwa mtengo, mphindi imodzi wabwera. Mayi sangatero. Afuna malo obisika. Afuna nthawi. Mwina ali ndi mwana kumsana. Mwina apongozi ake akhala pa thumba lomwelo la chimanga. Tsono mayi amangokhala chete, napirira maola asanu kapena asanu ndi limodzi.

Ena amadzimana madzi kuyambira usiku kuti asamve mkodzo m'njira. Ena amakana ulendo umene. Akasankhidwa kukaimira koperativa ku msonkhano, amati, "Apite ena, ine ndatanganidwa." Chifukwa chenicheni sachinena. Chotero koperativa imataya mlembi wabwino, msungichuma wokhulupirika, ndi mawu a amayi pa mtengo wa mbewu zimene alima okha.

Nkhani iyi ndi ya ulemu. Ngati kalasi lifuna, amayi awerenge paokha ndi abambo paokha, kenaka tikumane pogwirizana zochita. Koma tonse tiwerenge.

CHIKHODZODZO CHIMAGWIRA NTCHITO BWANJI?

Munthu ali ndi impso ziwiri. Zili kumsana, pansi pa nthiti. Impso zimasefa magazi usana ndi usiku, monga mayi asefa ufa. Zoipa zimatuluka pamodzi ndi madzi. Umenewo ndiwo mkodzo. Munthu wamkulu amatulutsa pafupifupi lita imodzi ndi theka pa tsiku.

Mkodzo umatsika ndi timipaipi tiwiri kulowa m'chikhodzodzo. Chikhodzodzo chili m'munsi mwa mimba, pachinena, kutsogolo kwa chiberekero. Ndi thumba la mnofu lotha kufutukuka. Likadzaza limasunga pafupifupi theka la lita, ndiye kuti makapu awiri. Tisanafike pamenepo, thumba limatumiza uthenga ku mutu. Ndipo timati, "Ndamva mkodzo."

Kunsi kwa thumbali kuli minofu yotseka, yonga chingwe chomangira pakamwa pa thumba la nyemba. Palinso minofu ina yoyala pansi pa chiuno. Iyi imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo, monga phaka linyamula nkhokwe. Mitengo ya phaka ikafooka, nkhokwe imapendama. Minofu iyi ikafooka, mkodzo umadontha.

Munthu wabwinobwino amataya madzi kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu pa tsiku. Ndiye kuti pakatha maola atatu kapena anayi. Mayi woyembekezera amapita kawirikawiri koposa, chifukwa mwana amatsamira pa chikhodzodzo. Zimenezi si matenda.

Tidziwenso ichi. Njira yotulukira mkodzo ya mayi ndi yaifupi, masentimita 4 okha. Ya bambo ndi masentimita pafupifupi 20. Njira ya mayi ilinso pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Kaamba ka ichi tizilombo tosaoneka ndi maso sitivutika kufika m'chikhodzodzo cha mayi. Mwa amayi awiri alionse, mmodzi amadwala matenda a njira ya mkodzo pa moyo wake. Si uve, si chiwerewere ayi. Ndi mmene thupi linapangidwira.

KUDZIMANA MADZI NDI KUDZIPWETEKA

Taonani mtsinje wa Luia. Nthawi ya mvula madzi amathamanga, nakokolola zinyalala. M'chilimwe madzi amachepa, naima m'maiwe. Pamenepo ndere zimamera ndipo madzi amanunkha.

Chikhodzodzo chimateronso. Mayi akamwa madzi okwanira nataya pa nthawi yake, tizilombo timakokoloka tisanaswane. Akadzimana madzi, mkodzo umachepa, umada, umanunkha. Akausunga maola ambiri, tizilombo timapeza nthawi yoswana. Ndiponso mkodzo wakuda umayabwa chikhodzodzo. Mayi amamva kupanikizika ngakhale muli pang'ono pokha. Anadzimana madzi kuti asavutike, koma wavutika koposa.

Tikumbukire kuti Tete ndi mzinda wotentha kwambiri. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu ali pamwamba pa lole amataya madzi ambiri m'thukuta. Akapanda kumwa, mutu umawawa, chizungulire chimabwera, ndipo ena amakomoka. Mayi woyamwitsa afuna madzi ochuluka koposa.

Muyeso wake ndi makapu asanu ndi atatu pa tsiku, ndiye kuti malita awiri. Kukatentha, kapena tikakhala pa ntchito yolemetsa, tionjezere. Thupi lenilenilo limatiuza. Mkodzo ukakhala woyezuka ngati udzu wouma, madzi akwana. Ukakhala woderako ngati tiyi, madzi achepa.

MAVUTO ANAYI AMENE TIYENERA KUWADZIWA

Loyamba: matenda a njira ya mkodzo.

Zizindikiro zake ndi izi. Pokodza pamawotcha. Mayi amapita kawirikawiri koma pamatuluka madontho okha. Pachinena pamawawa. Mkodzo umaoneka wamatuwituwi ndiponso umanunkha.

Tizilombo toyambitsa matendawa, tambiri timachokera m'matumbo mwa munthu yemweyo. Chotero podzipukuta kapena posamba kuchimbudzi, dzanja liyambire kutsogolo kupita kumbuyo. Tiphunzitsenso ana aakazi chimodzimodzi. Mayi ataye madzi akatha kukhala malo amodzi ndi bambo. Asaike zitsamba, sopo kapena mankhwala oumitsa m'njira ya amayi, chifukwa zimasupula khungu ndi kutsegulira tizilombo khomo.

Matendawa amachira ndi mankhwala a kuchipatala. Timwe monga atiuzira anamwino, mpaka onse atathe. Tisagule makapisozi awiri kapena atatu pamsika. Amenewo amangogonetsa tizilombo, ndipo tikadzuka sitimvanso mankhwala.

Matenda akalekereredwa amakwera ku impso. Pamenepo thupi limatentha, munthu amanjenjemera, amasanza, ndipo m'nthiti chakumsana mumawawa. Ambiri amati ndi malungo. Tipite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo titchule za mkodzo poyera kuti anamwino asayeze malungo okha. Kwa mayi woyembekezera matendawa angabadwitse mwana masiku asanakwane. Iye asadikire ngakhale tsiku limodzi.

Lachiwiri: likodzo.

Likodzo timalidziwa tonse. Chizindikiro chake ndi magazi otuluka kumapeto kwa kukodza. Limayenda chonchi. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a nyongolotsi amalowa m'madzimo naswa. Tianato timalowa m'nkhono za m'madzi. Pakapita milungu ingapo timatuluka, ndi kuboola khungu la munthu amene waima m'madzi. M'thupi timakula, tikhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndi kuikira mazira. Mazirawo ndiwo amalasa chikhodzodzo.

Amayi ali pa ngozi chifukwa ndiwo amachapa, amatsuka mbale ndi kuthirira dimba ataima m'madzi. Kwa mayi likodzo limafikanso ku njira ya chiberekero. Limabweretsa zilonda, kuwawa ndi kutaya magazi, ndipo ena amalephera kutenga mimba. Mankhwala ake ndi praziquantel. Ndi omwe aja amapereka kwa ana m'masukulu. Akulu nawonso angalandire kuchipatala.

Tsono phunziro la pa ulendo nali: galimoto ikaima pa mlatho, tisakodzere mu mtsinje kapena m'dambo. Tipite pouma, kutali ndi madzi. Ndipo munthu wachikulire akaona magazi mu mkodzo, asangoti ndi likodzo. Akayezetse, chifukwa pali matenda ena aakulu amene amayamba chomwecho.

Lachitatu: mkodzo wodontha.

Pali amayi amene mkodzo umawatuluka akatsokomola, akayetsemula, akaseka, kapena akasenza mtolo wa nkhuni. Chapa ikagunda pa dzenje, chitenje chanyowa. Apa minofu ya pansi pa chiuno yafooka. Zimene zimaifooketsa ndi uchembere wapafupipafupi, katundu wolemera, chifuwa chosatha, kudzimbidwa, kunenepa kwambiri, ndi msinkhu wosiya kusamba.

Pali enanso amene mkodzo umawagwira mwadzidzidzi, osawapatsa mpata wofika kuchimbudzi. Apa chikhodzodzo chimafinya chisanadzaze. Tiyi wambiri, khofi, zakumwa za kola, mowa ndi kachasu zimakulitsa vutoli.

Mavuto awiriwa amachepa, ndipo kwa ambiri amatheratu, ndi masewera amene tiphunzire m'munsimu. Koma ngati mayi akumva ludzu losatha, akukodza kwambiri usana ndi usiku, ndiponso akuonda, akayezetse matenda a shuga.

Lachinayi: fistula.

Uku ndi kudontha kosalekeza, usana ndi usiku, mayi ali chigonere kapena chiimire. Kumayamba masiku ochepa pambuyo pa uchembere wovuta. Matenda akatenga nthawi yaitali, tsiku lathunthu kapena masiku awiri, mutu wa mwana umapanikiza chikhodzodzo pa fupa. Magazi safika pamalopo. Mnofu umafa, ndipo pamabooka. Kawirikawiri mwanayo amapitirira.

Mayi wotere amasowa mtendere. Sakwera galimoto. Sapita kutchalitchi, kumsika kapena kuno ku kalasi. Ena amuna awo amawasiya. Pali onena kuti walodzedwa, kapena kuti anayenda ndi amuna ena ali ndi pakati. Si zoona. Choyambitsa ndi kuchedwa kufika kuchipatala, ndi kutenga mimba thupi lisanakhwime.

Fistula imasokedwa ndi madokotala, ndipo amayi ambiri amachira, ngakhale amene akhala nayo zaka zambiri. Ulendo umayambira pa chipatala chathu chaching'ono. Iwo amalemba kalata yotumiza mayi ku chipatala chachikulu, monga Hospital Provincial de Tete. Bungwe la UNFPA linayamba nkhondo yolimbana ndi fistula pa dziko lonse mu 2003. Kuyambira mu 2013, tsiku la 23 Meyi ndi tsiku lokumbutsana za matendawa.

Kupewa kuli m'manja mwathu. Mayi woyembekezera apite kusikelo. Wokhala kutali akadikirire pa nyumba ya chidikiro imene ili pafupi ndi chipatala. Dzuwa lisalowe kawiri mayi ali pa matenda. Ndipo tisakwatitse ana. Lamulo la dziko lathu la Mozambique la chaka cha 2019 limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

MASEWERA OLIMBITSA MINOFU

Masewerawa safuna ndalama. Safuna chida. Palibe amene angaone kuti tikuwachita. Anawafalitsa ndi dokotala wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948, ndipo anamwino amawaphunzitsa mpaka lero.

Tichite chonchi.

1. Tikhale pansi kapena tigone chagada.
2. Tifinye minofu ya kunsi, ngati tikuletsa mpweya woipa kutuluka pagulu. Timve ngati tikukokera m'kati ndi m'mwamba.
3. Tigwire powerenga 1 mpaka 5. Tisaleke kupuma. Tisaumitse mimba kapena ntchafu.
4. Timasule powerenga 1 mpaka 5.
5. Tibwereze kakhumi.

Tichite katatu pa tsiku: m'mawa, masana ndi madzulo. Tingachite posenda mtedza, posankha fodya, poyamwitsa, kapena tili pa lole. Minofu ikayamba kulimba, tiwerenge mpaka 10. Tisachite masewerawa pamene tikukodza, chifukwa mkodzo wina ungatsalire m'kati.

Mbewu simera tsiku lodzala. Masewerawa afuna miyezi itatu osadumphitsa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tizolowerenso ichi: tisanatsokomole, tisanayetsemule, tisanatukule ndowa kapena thumba, tiyambe tafinya minofu ija. Ndipo katundu wolemera, monga belo la fodya kapena thumba la makilogalamu 50, tinyamule awiri. Mayi amene wangochira kumene asasenze zolemera.

Kudzimbidwa tikuthetse ndi za m'munda mwathu: nkhwani, chisoso, bonongwe, therere, nyemba, mapapaya, ndi nsima ya mgaiwa. Matumbo akadzaza amapanikiza chikhodzodzo.

Mayi amene amapita kuchimbudzi ola lililonse angaphunzitse chikhodzodzo chake. Akamva mkodzo adikire mphindi 5. Sabata yotsatira adikire mphindi 10, kenaka 15. Pang'onopang'ono afika maola atatu. Achitire kunyumba, masiku a ulendo asanafike. Koma ngati pokodza pakuwotcha, asachite zimenezi. Ayambe wapita kuchipatala.

TIKONZEKERE ULENDO

Mlimi wanzeru amanola khasu mvula isanagwe. Ulendo nawo ufuna kukonzekera.

Dzulo lake: timwe madzi monga mwa masiku onse. Tipewe mowa.

M'mawa wake: tidye, timwe kapu imodzi ya madzi. Tiyi akhale wochepa. Tipite kuchimbudzi galimoto isananyamuke. Tisafulumire, tisadzikakamize. Tikatha, tidikire pang'ono, tiweramire kutsogolo, ndi kuyesanso kuti zonse zituluke.

M'chikwama mukhale izi:
botolo la madzi abwino, owiritsa kapena othira Certeza monga mwa malangizo a pa botolo lake;
chitenje chapadera;
tinsalu toyera, tochapa ndi kuyanika padzuwa;
kachidutswa ka sopo;
kathumba ka pulasitiki kosungira nsalu yonyowa;
ndalama zachitsulo zolipirira chimbudzi cha pamsika.

M'njira: timwe pang'onopang'ono, makumwa awiri kapena atatu nthawi ndi nthawi. Tisagugude botolo lonse kamodzi. Woyembekezera, wachikulire ndi wa mwana akhale pafupi ndi khomo. Galimoto ikaima pakapita maola awiri kapena atatu, titsike ngakhale mkodzo usanatipanikize kwambiri.

Mkodzo ukatigwira mwadzidzidzi galimoto ili pa liwiro, tisatekeseke. Mantha amaonjezera kupanikizika. Tikhale chilili pa mpando, tipanikize miyendo. Tifinye minofu ija msangamsanga kasanu. Tipume mozama. Tiwerenge chobwerera m'mbuyo kuyambira 50. Kupanikizika kumakwera, kenaka kumatsika. Izi zimatipatsa mphindi zingapo zopemphera kuti galimoto iime. Si njira yopiririra maola ambiri ayi.

Popambuka patchire, amayi apite awiriawiri. Mmodzi atambasule chitenje, wina adzithandize. Tisalowe m'udzu wautali, muli njoka. Usiku tisapite kutali ndi galimoto. Tinjute bwino, mapazi onse pansi, kuti chikhodzodzo chikhuthuke. Ngati ndi chimbudzi chachikulu, tikumbe kadzenje ndi kukwirira. Pomaliza tisambe m'manja ndi sopo. Nsalu ikanyowa tisinthe msanga, chifukwa mkodzo umasupula khungu.

PAKAMWA NDI PATHU

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dalaivala sangadziwe za m'thupi mwathu. Tiwerenge kukambirana uku anthu atatu, mokweza.

Mayi: Pepani a dalaivala, mukapeza malo abwino mutiimireko. Tikufuna kupambuka.

Dalaivala: Aa, mayi, tachedwa kale. Pirirani, tikaima kutsogolo.

Mayi: Kutsogolo n'kutali, bambo. Tanyamuka mbandakucha, tsopano dzuwa lili pamutu. Muno muli oyembekezera, muli agogo.

Bambo wa koperativa: Akunena zoona amayiwa, achimwene. Imani, nafenso tiwongoleko miyendo. Mphindi zisanu sizigwetsa mtengo wa chimanga.

Dalaivala: Chabwino. Ndiima patsogolo apo pali mitengo. Amayi kumanzere, abambo kumanja.

Mayi: Zikomo, bambo. Tiyeni agogo, ndikugwireni dzanja.

Taonani zinthu zitatu. Mayi sanati "ine," anati "ife." Analankhula mwaulemu koma sanabwerere m'mbuyo. Ndipo bambo anamuthandiza popanda kuseka. Kumene kuli apongozi, mayi anganong'oneze mnzake kuti ndiye alankhule. Abambo, mlongo wanu ndi mayi wanu ali m'gulu lomweli. Mwamuna woseka mayi wopempha kutsika akuseka mimba imene inamubala.

Kuchipatala nakonso tilankhule momveka. Tisangoti, "M'thupi simuli bwino." Tinene kuti, "Pokodza pakuwotcha, lero ndi tsiku lachitatu," kapena, "Mkodzo ukudontha chibadwire mwana wanga wachinayi." Anamwino amamva zotere tsiku ndi tsiku. Safunsa anadya phula.

NTCHITO YA KOPERATIVA

Mutu umodzi susenza denga. Mayi payekha sangaimitse lole, koma koperativa imene yalipira loleyo ingathe. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1975, linayamba nkhondo yolimbana ndi umbuli wosadziwa kuwerenga mu 1978. Chaka chomwecho linayamba kuphunzitsa a zaumoyo a m'midzi, amene timawatcha ma APE. Kuwerenga ndi umoyo zinayendera limodzi kuyambira kale. Nafenso tichite mbali yathu.

Nazi mfundo zoti tikambirane pa msonkhano ukubwerawu.

1. Pobwereka galimoto, tipangane ndi mwini wake tisanalipire: iime pakapita maola awiri alionse, pamalo obisika, kutali ndi mtsinje. Mlembi alembe panganolo.

2. Pa ulendo uliwonse pakhale mayi mmodzi wosankhidwa, wolankhulira anzake. Pakhalenso chigubu cha madzi akumwa.

3. Pa malo athu ogulitsira mbewu timange zimbudzi ziwiri, cha amayi ndi cha abambo. Pa masiku a msika amayi amakhala pa mzere kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Dzenje likhale mamita 30 kapena kuposa kuchokera pa chitsime, ndiponso kumunsi kwake. Chikhale ndi chitseko chotsekeka, chivundikiro, ndi madzi ndi sopo kapena phulusa panja. Ku munda wa koperativa ndi ku dimba timangenso chimodzi.

4. Tisunge thumba la ndalama za ulendo wa kuchipatala. Ngolo kapena njinga yamoto ikhale yodziwika, yoti inyamule mayi matenda akayamba, ngakhale pakati pa usiku.

5. Tiitane a APE kapena anamwino adzaphunzitse amayi masewera aja. Tiitanenso anamkungwi ndi amayi a OMM, kuti atsikana amve izi akadali aang'ono.

6. Ngati m'mudzi muli mayi amene anasiya kutuluka m'nyumba chifukwa cha kudontha, amayi awiri achikulire akamuchezere mwachinsinsi. Amuwerengere phunziro ili. Amuperekeze kuchipatala. Gawo lake la m'munda tilimire mpaka atachira.

TIPITE KUCHIPATALA MSANGA NGATI:

mu mkodzo muli magazi;
pokodza pakuwotcha ndipo thupi latentha kapena m'nthiti mukuwawa;
mayi ndi woyembekezera ndipo pokodza pakuwawa;
mkodzo ukukana kutuluka pamene chikhodzodzo chadzaza;
mkodzo ukudontha osalekeza pambuyo pa uchembere;
mayi akumva chinthu chikutsika kapena kutulukira kunjira ya amayi.

MAFUNSO

1. Kodi impso zimagwira ntchito yanji?
2. N'chifukwa chiyani amayi amadwala matenda a njira ya mkodzo kuposa abambo?
3. Chimachitika n'chiyani mayi akadzimana madzi pa ulendo?
4. Fotokozani ulendo wa likodzo kuchokera kwa wodwala kufika kwa munthu wina.
5. Chimayambitsa fistula n'chiyani? Nanga tingaipewe bwanji?
6. M'mudzi mwathu, ndi mawu ati aulemu amene mayi anganene popempha kutsika?

MASAMU

1. Kapu imodzi ndi mamililita 250. Makapu 8 ndi malita angati?
2. Amayi 10 ali pa ulendo wa tsiku lathunthu. Aliyense afuna malita 2. Kodi chigubu cha malita 20 chikwanira?
3. Lole ikuyenda makilomita 40 pa ola. Ulendo ndi wa makilomita 240. Itenga maola angati? Ikamaima pakapita maola 2 alionse, iima kangati isanafike?
4. Mayi afinya minofu ka 10, katatu pa tsiku. Pa sabata imodzi afinya kangati?

TILEMBE

Lembani m'makope mwanu, ndipo mumalize mawu osowa.

Chikhodzodzo ndi thumba la ________.
Tisakodzere mu ________ kuti tipewe likodzo.
Fistula ________ kuchipatala.
Galimoto ya koperativa iime pakapita maola ________.

Kenaka, m'magulu a anthu anayi, lembani pangano la mizere itatu la pakati pa koperativa ndi mwini galimoto. Sabata yamawa gulu lililonse lidzawerenga lake. Limene tidzagwirizane, mlembi adzalikopera m'buku la koperativa, ndipo tidzaliyesa pa ulendo woyamba wokagulitsa mbewu.